Timabotolo Tiwiri, Chifuwa Chimodzi

Lolemba, 5 Juni 2023

Mwayamba kulemba? Chabwino. Lembani kuti ine ndine Dorah Nangondo wa ku Torwood, mkazi wa malemu Elifas amene ankagwira mugodi wa kiromu ku Shurugwi tisanasamukire kuno ku fakitale ya zitsulo. Zaka zanga musalembe, sindizidziwa. Za pachitupa anangondiyang'ana nkhope n'kundipatsa.

Amene akulembawa ndi Mai Tariro, a bedi loyandikana ndi langa. Bambo awo anali a ku Dedza, ndiye Chichewa cholemba anachitola m'buku la nyimbo kutchalitchi. Mdzukulu wanga Mazvita, amene ndinalera ndekha, ndiye wati zonse zizilembedwa, ati ndikamamuuza pafoni zimene adokotala anena ndimasakaniza. Ndimasakanizadi.

Chifuwa chinayamba chimanga chili m'mawondo. Ku kiliniki anati ndi TB, n'kundipatsa mapiritsi ofiira aakulu, atatu m'mawa uliwonse ndisanadye. Sindinadumphe tsiku, ngakhale limodzi, Mazvita ndi mboni. Pa Pasaka ndinali nditachira, ndinavina mpaka mpango unagwa. Mwezi watha chifuwa chabwerera, Loweruka ndatsokomola magazi, ndi ine pano. Sikelo yati 41.

Ndiye funso langa ndi lomweli. Munthu wamwa zonse, wachira, wadwalanso bwanji? Hameno.

Lachiwiri, 6 Juni

Kuzizira. Atidzutsa ndi tiyi wopanda mkaka ndi buledi. Sisita Vongai andipatsa kabotolo ka chivindikiro chofiira kuti ndilavuliremo makhololo, ati akapime pamakina. Andijambulanso pachifuwa.

Dokotala wake ndi mtsikana, wamng'ono kuposa Mazvita, amayankhula Chishona chothamanga. Wandionetsa chithunzi, ati pamwamba pa phapo lakumanja pali bowo. Ine ndaona mitambo basi. Wafunsa ngati kunyumba kunali wina wotsokomola. Ndati Elifas, koma amenewo tinaika 2009, ndipo chawo chinali chifuwa cha fumbi la mugodi. Iye akuti mwina zinali zonse ziwiri, ndipo tizilombo timatha kugona m'thupi zaka zambiri n'kudzadzuka munthu atakalamba.

Ndamufunsa, kugona zaka zonsezo osadya? Waseka. Mai Tariro akuti amuna awo amatha kutero.

Lachinayi, 8 Juni

Lembani ndi zilembo zazikulu. Mazvita wachira, mwana wamkazi! Wandiimbira mwamuna wake Praymore ali mu kombi yake yonyamula anthu, mahutala okhaokha, ndangomva kuti mtsikana, mtsikana. Wodi yonse yalulutira, ena akutsokomola pakati pa nthungululu.

Manje vuto ndi ili, Mai Tariro, lembani bwinobwino. Kwathu mwana akabadwa amakhala m'chikuta, m'nyumba osatuluka iye ndi mayi wake, mpaka mchombo ugwe. Ukagwa, wamkulu wa banja amaviika timizu m'madzi, amamwera madziwo m'kamwa, amawasunga kuti afunde, ndiye amapemerera mwanayo pachifuwa, kumsana ndi pamutu. Akatero mwana atuluke, aone dzuwa, anthu amunyamule. Ena amangosambitsa, koma ife ndi mmene amayi anandiphunzitsira ku komboni ya Shurugwi. Ana anga, adzukulu anga, onse anadutsa pakamwa panga pano.

Mmodzi yekha sanadutse. Mwana woyamba wa Mazvita anabadwira ku Mkoba, ine ndili kumaliro kutali, iwo n'kungomutulutsa choncho osamupemerera. Sanathe miyezi iwiri. Achipatala anati chibayo. Mazvita salankhula za iye, koma mimba iyi itangooneka anandigwira dzanja n'kuti, Gogo, uyu musachoke.

Ndachoka.

Lachisanu, 9 Juni

Kabotolo kabwera. Sisita Vongai akuti tizilombo tilipo ndithu, koma makina ati ndi tomvera mapiritsi ofiira aja. Akuti ndi nkhani yabwino, mwina ndingolimbikitsidwa thupi n'kupita kunyumba. Ndaimbira Mazvita pompo. Walira. Ndamuuza kuti mchombo ukamagwa ndidzakhala ndili pakhomo.

Koma kamtsikana kadokotala kaja sikanasangalale. Kaima kumiyendo kwa bedi, kuyang'ana pepala, kuyang'ana ine. Akuti ngati ndi tomvera, nanga bwanji mwadwalanso? Ndati mwanangu, ndi zimene ndakhala ndikufunsa ine kuyambira Lolemba. Ndiye andipumitsa nthunzi yamchere pa kachipangizo mpaka ndatsokomola za pansi penipeni, misozi ili chuchuchu. Kabotolo kachiwiri. Chifuwa chake n'chomwechi, akufunanso chiyani?

Masana kabichi ndi nyemba. Mwana wa Mai Tariro wabweretsa mbatata yootcha, tagawana.

Lolemba, 12 Juni

Andichotsa mu wodi. Ndili ndekha m'kachipinda ka kumapeto, mawindo onse otsegula, kuzizira konseku. Wolowa muno amavala masiki yolimba ngati mlomo wa bakha. Mai Tariro akhala pakhonde kunja kwa windo, avala yawo, ndikuchita kukuwa kuti amve. Mukumva? Lembani.

Kabotolo kachiwiri kati tizilombo sitimvera mapiritsi ofiira.

Koyamba kati tomvera. Kachiwiri kati tosamvera. Pakamwa ndi pomwepa, makina ndi omwewo. Ndafunsa Sisita Vongai kuti kodi sanasinthanitse ndi ka munthu wina, wodi muja aliyense ankalavula. Akuti ayi Gogo, dzina ndinalemba ndekha inu mukuona. Ndati ine kuona ndinaona, koma kuwerenga?

Lachiwiri, 13 Juni

Thupi lotentha. Sindinadye. Atenga magazi kawiri. Musalembe zambiri lero.

Lachitatu, 14 Juni

Dokotala anakhala nane nthawi yaitali, wakokera mpando kukhomo. Ndinena mmene ndamvera, Mai Tariro mukonze pamene ndapotoza poti munali pawindo.

Akuti timabotolo tonse tiwiri ndi tanga ndipo tonse tanena zoona. Akuti tizilombo m'chifuwa mwanga si kamodzi, ndi tambirimbiri, timaberekana, ndipo ana ake satuluka ofanana onse. Mwa tambiri, kamodzi kamabadwa kosiyana pang'ono, mwangozi chabe, kotero kuti piritsi likafika silipeza pogwira. Masiku abwino kameneko sikaoneka n'komwe, kamapanikizika pakati pa anzake. Ndiye ine nditamwa mapiritsi, tambiri tija tinafa, n'chifukwa chake ndinavina pa Pasaka. Totsala tija tinapeza malo onse ndi chakudya chonse, n'kuyamba kuberekana tokhatokha. Ati tadzaza mu bowo lija la pamwamba, mmene mankhwala amavutika kulowa. Kabotolo koyamba kanatenga makhololo a kumene kudakali tomvera, kachiwiri kanafika kubowo.

Ndati, ndiye kuti mapiritsi anu ndi amene anatilera? Akuti ayi, sanatilenge, anangotisiyira malo. Ndati ndikanaleka kumwa? Akuti bwenzi mutafa kale. Ndati nanga kumwa kwandithandiza chiyani? Akuti muli moyo, Gogo.

Anawonjezanso kuti pali tina timene sitilimbana ndi mankhwala, timangodzigonetsa ngati tafa mpaka mankhwala adutse. Apo ndiye mutu unaima. Tomvera, tosamvera, togona. M'chifuwa chimodzi chaching'ono ichi? Ine ndimayesa matenda ndi chinthu chimodzi, chalowa, chatuluka.

Ndamufunsa za mwana. Sanazungulire. Akuti khanda ayi, musaliyandikire mpaka makhololo atayera, ndipo si sabata ino kapena yamawa. Ndayamba kumufotokozera za kupemerera. Maso ake pamwamba pa masiki anakula ngati a kadzidzi. Akuti, Mbuya, pakamwa panu? Ndapota, ndiye kuti chonde m'Chishona chawocho, ayi.

Lachisanu, 16 Juni

Mapiritsi atsopano ayamba. Ofiira aja achotsa. Tsopano ndi oyera anayi ang'onoang'ono, oyera ena aataliko, ena achikasu, ndi kamodzi kofiirira kamene ati kadzandidetsa khungu. Ndati ndadera kale, kadzapeza malo? Ndimamwa nditadya, Sisita ataima pomwepo mpaka ndimeze. Andimata tizingwe pachifuwa ndi m'mapazi kuti amve mtima, ati mapiritsi ena amausokoneza. Kabotolo kachitatu kapita ku Bulawayo, ati kumeneko akatiweta tizilomboto kuti ationetsetse. Kuweta! Ena akufuna kupha, ena akuweta.

Mchombo wagwa dzulo.

Abwera asewere anga, Noria, mayi ake a Praymore, a kwawo ku Tete koma anakulira m'mapulazi konkuno. Abweretsa mahewu ndi matemba. Aima pawindo, mpango kukamwa.

Akuti, asewere, mwanayo sagona, akungolira, ndipo Mazvita sakudya. Akukana kutuluka, ngakhale kusikelo wakana, ati mpaka Gogo.

Ndati, pemererani ndinu, nanunso ndinu agogo ake.

Akuti, ine? Kwathu sititero, ife timangomusambitsa. Ndipemerere molakwika, mawa mwana atenthe thupi, a Torwood onse adzati Noria wa ku Tete wapha mwana wa eni. Ayi. Komanso inu si munatiuza nokha kuti makina ati zili bwino?

Ndati linali botolo loyamba.

Akuti, ndiye lachiwiri likuposa loyamba chifukwa chiyani? Mwana woyamba ndi wachiwiri wamkulu ndani?

 

Lamlungu, 18 Juni

Amayi a chigwirizano abwera kudzaimba panja pa windo. Aima kutali ngati ndine ng'ombe yolusa, koma aimba bwino.

Atapita, Mai Tariro anaika cholembera pansi n'kuti iwo azimvetsa za dokotala zija. Lembani zomwe munanena, musachite manyazi. Akuti kumbukirani ku komboni. Anthu akunja ankatiyang'ana n'kuti onsewa ndi Manyasarandi, amodzimodzi. Koma mkati munali Achewa, Ayao, Asena, wina telala, wina wodziwa kuwotcherera, wina woweta nkhunda. Fakitale ya zitsulo itatsekedwa, amene ankadziwa ng'anjo yokha anatha, ena kumanda, ena ku Joni. Koma Torwood sinathe. Anatsala aja anali ndi kena kake kapadera, ndipo lero ana awo ndi amene adzaza, makorokoza okumba golide, a makombi, ogulitsa mabhero a kaunjika. Akuti tikanakhala ofanana tonse bwenzi titatha tsiku limodzi.

Ine zandipweteka. Ndati, ndiye mukuti chimene chikundidya m'chifuwa ndi ife? Elifas ankadziwa mugodi ndi ng'anjo basi, ndiye anali kachilombo komvera?

Akuti, Gogo, ndimangoyerekeza.

Ndati yerekezani ndi mphemvu.  Kenako ndaseka ndekha, poti ine ndinatsala chifukwa cha kuphika zitumbuwa pageti. Kachilombo kosamvera ndine ndemwe. Komabe sizinandithandize kudziwa botolo loona.

Lachitatu, 21 Juni

Ndikupeza bwino. Thukuta lasiya, ndadya mbale yonse, ndayenda mpaka ku zingwe zoyanikira zovala kuseri, kumene amatilola kuothera dzuwa pafupi ndi mpanda wa waya. Sikelo 42. Mtima ati uli bwino. Nseru pang'ono ndikangomwa achikasu aja.

Mazvita waimba. Mawu ake atha, ngati munthu wobwera kumaliro. Chichewa chake chimathawa akakhumudwa, amangoti ndapota Gogo, ndapota. Akuti mwana akamapuma amamva ngati kamluzu, amakhala maso kumuyang'ana pachifuwa. Ndati pita naye kukiliniki. Akuti atuluka bwanji asanapemereredwe, si mmene anatulukira winayo? Koyamba kumutchula.

Akuti Praymore awanyamula mu kombi Lamlungu, mwana atamufunditsa bulangete kuti dzuwa lisamuone, ndiye kuti sanatuluke. Afika kuseri kuwaya. Timizu tili m'chitini changa cha tiyi, akudziwa. Akuti kamphindi kochepa, Gogo, ndipo mukumveka kuti mwachira, simukutsokomola.

Shuwa sindikutsokomola kwambiri. Ndinati bwerani.

Mai Tariro, mwasiyiranji kulemba? Lembani. Ndinati bwerani.

Lachisanu, 23 Juni

Ndafunsa Sisita Vongai mozungulira. Ndati munthu akamva bwino chonchi, si ndiye kuti tafa? Akuti tina tafa. Ndati totsala ndi tingati? Akuti palibe angawerenge, dikirani makhololo a mwezi wamawa. Ndati totsalato ndi titi, tomvera kapena tosamvera? Akuti, Gogo, mukuganiza kuti totsala pankhondo ziwiri tingakhale tofatsa?

Pa Pasaka ndinkamvanso bwino chonchi. Izi zandibwerera ndikutsuka kapu.

Mai Tariro akuti akauza Sisita za Lamlungu. Ndati mukatero musadzabwerenso pawindo langa. Akuti ndiye adzakulemberani ndani, khoma? Sanakanene. Koma sanandigawire malalanje awo lero.

Lamlungu, 25 Juni

Dikirani ndipume kaye.

Anabwera dzuwa litapendeka. Kombi inaima kuseri kwa waya, Praymore anatsala pachiwongolero akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Anatsika Noria ndi botolo la madzi a timizu, kenako Mazvita. Maiwe, mwana uja waonda, khosi ngati la nkhuku. Bulangete lachikasu m'manja.

Mai Tariro munali pa benchi, munaona. Ndinafika pawaya. Mazvita anatsegula bulangete pang'ono. Kamwana kofiira, tsitsi lambiri, chipumi cha Elifas chenicheni. Kanali maso, sikankalira n'komwe. Ndinamvetsera kupuma kwake, ine kamluzu sindinakamve, koma makutu anga ndi akale.

Noria anathira madzi m'kapu n'kundipatsira pa mpata wa waya. Mazvita anavula mwana kamalaya n'kumukweza, kachifuwa kake kali apa, pafupi ngati dzanja langali. Ndinatsitsa masiki. Ndinamwera madzi, ndikuwasunga m'kamwa kuti afunde monga mwa nthawi zonse.

Ndiye poti uzipemerera umayamba wakoka mpweya ndi mphuno, wambiri, kuchokera pansi. Ndinakoka. Ndipo ndinaumva pamene wachokera. Pamwamba kumanja, pamene kamtsikana kaja kanaloza pachithunzi ine n'kuona mitambo. Panachita kulira pang'ono, ngati chitseko.

Sindinaganize za botolo loyamba kapena lachiwiri, ndisaname. Za dokotala zija mpaka lero sindizimvetsa. Ndinangoona kuti mpweya umene ndakokawu wadutsa pabowo paja, ndipo ukatuluka upita ndi madzi pa kachifuwa aka. Ngati muli tomvera, chabwino. Ngati muli tinato, tija takana mapiritsi a miyezi yonseyi mwa munthu wamkulu, kamwana aka kadzamwa chiyani?

Mazvita akuti, Gogo, chitani, akuzizidwa.

Ndinameza.

Ndinabwerera m'mbuyo, n'kukweza masiki, chifuwa n'kundigwira pomwepo, ndinatsokomola mpaka kugwada ndikuyang'ana kumbali. Mazvita anakuwa. Akuti mwamwa? Gogo mwamwa madzi a mwana wanga? Akuti munalonjeza, munati simuchoka. Ine mpweya unali utandithera.

Utabwera ndinati, asewere, kapu iyi yakhudza milomo yanga, isabwererenso uko. Mwerani pabotolo.

Noria akuti, ine ndinakana kale.

Ndati a Torwood akadzafunsa mudzati Nangondo ndiye anapemerera, anangobwereka pakamwa. Mai Tariro ndi mboni, alemba. Mwerani, musameze, musunge mpaka asiye kuzizira m'mano.

Noria anayang'ana Mazvita. Mazvita mwana sanamutsitse. Noria anamwera. Ine ndili kutali ku zingwe za zovala, kukuwa m'masiki: pachifuwa poyamba! Milomo muifinye, musalavule ngati mukutsuka m'kamwa! Amayi aja ali ndi mano onse, madzi anatuluka chingwe chimodzi n'kumuthira mwana m'khosi. Mwana analira kolimba. Ndati bwerezani, mutembenuzeni, kumsana. Kachiwiri anachita bwinoko. Pamutu anachita bwino kwambiri, ngati nkhungu, ndisawanamizire.

Ndati tsopano chotsani bulangete aone dzuwa, ndipo mawa m'mawa kusikelo, akamumvere kamluzuko. Mazvita anachotsa. Anamuveka mwana, anakwera kombi. Sanatsanzike.

Kapu ndaitaya m'bini ya zinyalala za odwala. Inali kapu yabwino ya Noria, yamaluwa.

Lolemba, 26 Juni

Mapiritsi ndamwa onse. Mimba inandipota m'mawa, Sisita akufunsa kuti ndadya chiyani chachilendo, ndati matemba.

Praymore waimba. Apita kukiliniki, ati mwana ndi chimfine cha m'mphuno chabe, sikelo yakwera, ndipo poti ndinkakhala nawo nyumba imodzi awapima onse chifuwa. Ndati ndipatse Mazvita. Akuti akuyamwitsa. Ndinamumva akuyankhula chapatali, sanali kuyamwitsa.

Mai Tariro akutuluka Lachinayi, tawo ndi tomvera. Akundifunsa ngati ndikuona kuti ndinachita bwino. Hameno. Mwanayo akadwala, Mazvita adzati n'chifukwa sindinapemerere. Ndikanapemerera n'kudwala, akanati chibayo, palibe akanandiloza chala. Ndasankha njira imene ndingalozedwe ndine.

Chimodzi chokha ndadziwa chatsopano, lembani chimenechi mutseke. Madzi aja ndawasunga m'kamwa kuyambira ndili mtsikana, ndimayesa ndimawadziwa. M'kamwa amangofunda. Kukhosi ndi owawa, Mai Tariro, mpaka pano sanachoke.